Bokosi la maliwu a malembo: momwe ntchito yopanga zipangizo ikuyendera

Ntchitoyi ndi yopanga bokosi limodzi la zipangizo zophunzitsira ana a zaka 4 mpaka 6 kumva maliwu, kuwalumikiza ndi malembo, kenako kuyamba kuphatikiza. Ana ake alipo 6 ndipo amakhala pansi mozungulira kwa mphindi 15 zokha patsiku. Zambiri n'zotola: makatoni, zitsekerero za mabotolo, mchenga, mabatani, zidutswa za matabwa. Zogula ndi guluu wa matabwa, selotepi yaikulu yoonekera, zolembera za maka ziwiri, chakuda ndi chofiira, ndi mapepala a A4. Zomwe zawonongeka tazilembanso pamodzi ndi chomwe chinaziwononga, kuti wina asataye nthawi pamalo omwewo.

8 Januwale: malembo oyambira

Sitikutsatira ndondomeko ya a, b, c, d, e. Ndi malembo asanuwo mwana sangapange mawu odziwika okwanira ngakhale tsamba limodzi. Lembo la c m'Chichewa limayenda ndi h, ndipo b ndi d ndi malembo omwe ana amasokoneza kwambiri, ndiye kuwaika sabata imodzi n'kudziputira ntchito. Tatenga mndandanda womwe aphunzitsi ambiri amautcha anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake umaoneka msanga. Ndi a, n, i okha mwana amawerenga ana ndi ina. Akawonjezera k pabwera ika, kana, ikani. Pofika pa o amakhala ndi moto, mutu, mano, mame, atate, amama, kumana. Amene akuphunzitsa Chingerezi amachita zofananazo poyamba ndi s, a, t, p, i, n.

Malembo onse ndi aang'ono, aakulu adikira kaye. Lembo la a tikulilemba monga momwe limalembedwera pamanja, kabwalo ndi kandodo pambali, osati lokhala ndi kadenga la m'mabuku osindikizidwa. Malembo a liwu (a, e, i, o, u) ndi ofiira, opanda liwu ndi akuda, ndipo lamuloli silisintha pa chipangizo chilichonse cha m'bokosimu.

12 Januwale: makadi a mchenga

Khadi lililonse ndi la masentimita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali. Thupi la lembo ndi lotalika masentimita 6, ndipo mzere wake ndi wonenepa sentimita imodzi, kuti zala ziwiri za mwana zikwanepo. Timayamba ndi pensulo, kenako guluu pamzerewo, kenako mchenga.

Makadi oyamba anapangidwa ndi guluu wophika wa ufa, pofuna kupulumutsa wogulayo. Anagwira bwino, koma pasanathe sabata anachita chuku, ndipo mphemvu zinadya mzere wa lembo n'kusiya mchenga uli mbwee pansi pa bokosi. Onse anatayidwa. Achiwiri anapangidwa ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Madziwo analowa mu katoni, khadi linapindika pouma, ndipo mchenga unasweka pomwe linapindikirapo.

Njira yomwe yagwira ndi iyi. Timamata makatoni awiri msana ndi msana, mizere ya m'kati mwa katoni imodzi itaima, ya inayo itagona. Katoni imapindika motsatira mizere yake, choncho ziwirizo zikapingasana zimaletsana. Guluu wa pa lembo ndi wosasungunula, wopakidwa ndi kamtengo, osapitirira mzere wa pensulo. Mchenga uyenera kusefedwa, kutsukidwa mpaka madzi atayera, n'kuumitsidwa. Wosatsuka uli ndi fumbi lomwe limamwa guluu, ndipo wosasefa uli ndi timiyala tokanda zala. Mwana akakandika kamodzi safunanso kukhudza khadilo. Tikathira mchenga timaupsinja ndi chikhatho, timasiya khadi usiku wonse, m'mawa n'kukutumula wotsala. Pomaliza timapaka pamwamba pa mchengawo guluu wosungunula, gawo limodzi la guluu ndi magawo awiri a madzi, mongodontheza ndi burashi yaing'ono. Ameneyu ndiye amamanga mchenga kuti usamayoyoke. Khadi likauma pang'ono timaliika pakati pa mapepala apulasitiki n'kulitsindira ndi mabuku.

Mchenga umabisa mtundu wa maka, ndiye kufiira kapena kuda kwapita m'mphepete mwa khadi. Pomwe chala chimayambira pali kadontho, ndipo kunsi kwa khadi lililonse kuli mzere wonenepa. Mzerewu si wokongoletsa. Lembo la n likatembenuka limakhala u, ndipo mwana wokhala mbali ina ya bwalo amaona khadi chadodolido. Timamuuza kuti mzere uzikhala kumimba kwake nthawi zonse.

19 Januwale: vuto lili pakamwa pa wamkulu

Makadi ali bwino, koma ana awiri akuti akaona m akunena kuti "ma", wina akuti "emu". Anazimva kwa akuluakulu. Munthu wamkulu wolankhula Chichewa amavutika kutchula lembo lopanda liwu palokha, chifukwa maphatikizo ambiri a chinenerochi amathera ndi lembo la liwu, ndipo pakamwa panazolowera kumaliza choncho. Zotsatira zake zimaoneka pophatikiza: mwana amene anaphunzira kuti m ndi "ma" akapatsidwa m ndi u amati "mau", osati "mu".

Tinaimitsa zipangizo zatsopano kaye kuti aliyense wokhala ndi anawa ayeserere. Njira yodziyesera n'njosavuta: ikani kuseri kwa dzanja pansi pa chibwano, mutchule liwulo. Chibwano chikatsika ndiye kuti mwawonjezera a. Liwu la m limatuluka milomo ili yotseka ndipo lingatalikitsidwe mpaka mpweya kutha. La n n'chimodzimodzi, lilime lili kuseri kwa mano apamwamba. La k ndi la t ndi aafupi, satalikitsika, ndipo ndi bwino kuwanong'oneza, chifukwa mukakweza mawu a amalowa yekha.

M'bokosi mwalowa kalilole wamng'ono wa m'mphepete mwa pulasitiki. Ana amadziyang'anira potchula a, i, u, ndipo amaona okha kuti pa a pakamwa payasama, pa i milomo yatambasuka, pa u yasongoka. Maina a malembo sitikuwaletsa, poti ana amawamva kwina, koma funso lathu n'limodzi nthawi zonse: lembo ili limalira bwanji?

23 Januwale: thumba la maliwu

Thumba lansalu losaonekera m'kati, lokhala ndi zinthu zenizeni. Mwana amapisa dzanja, amatulutsa chinthu, amatchula dzina lake, kenako liwu loyamba, n'kuchiika pa khadi lake. Pa k pali kapu, kandulo, kiyi ndi kalata. Pa t pali tochi, tepi ndi tayala la galimoto ya zidole. Pa u pali ulusi, udzu ndi kachidutswa ka ukonde. Pa m tagwiritsa zithunzi za mano, maso, moto ndi mutu.

Zinthu zingapo zinatulutsidwa m'thumbamo tsiku loyamba lomwe. Chithunzi cha nyumba chinaikidwa pa n, koma liwu loyamba la nyumba ndi ny, ndipo mwana amene anakana kuchiika pa n analondola. Khasu ndi khomo zimayamba ndi kh. Mwana ndi mwala zimayamba ndi mw. Mtengo umayambadi ndi m, koma m wake ndi phatikizo palokha, ndipo t amabwera pompo, ndiye makutu aang'ono amamva t. Lamulo lomwe tatsala nalo: dzina likayamba ndi lembo lopanda liwu, lembo lachiwiri likhale la liwu. Mawu ena onse adikire.

Vuto lina ndi la dzina. Wamkulu amaona kalulu pachithunzi, mwana amaona mbewa kapena pusi. Tsopano zinthu zonse timazitulutsa poyera poyamba, timagwirizana dzina lake, kenako zimalowa m'thumba. Maina oyamba ndi e kapena o ndi ochepa kwambiri m'Chichewa, ndipo ochepawo ambiri ndi obwereka monga envelopu ndi ofesi. Envelopu yalowa m'thumba, koma pa o tangojambula pakamwa pozungulira, ndipo zikukwanira.

30 Januwale: malembo a pa zitsekerero

Mwana aliyense akufunika malembo ake omanga nawo mawu. Lembo limodzi la mtundu uliwonse silikwana, chifukwa amama amafuna a atatu ndi m awiri, atate amafuna t awiri, kanani amafuna n awiri. Tawerengera a atatu ndi ena onse awiriawiri, kukhala zitsekerero 19 pa mwana, 114 pa ana onse.

Zolembedwa pamwamba ndi maka zinafufutika m'masiku ochepa. Pulasitiki ya zitsekerero n'njoterera, inki sikhazikikapo, ndipo thukuta la m'manja limamaliza. Tsopano timadula timapepala tozungulira ta masentimita awiri ndi theka, timalembapo lembo ndi kamzere kunsi kwake, timakuta ndi selotepi tisanadule, n'kumata m'kati mwa chitsekerero. Mkombero wa chitsekerero umateteza lembo kuti lisakhuzike. Guluu wa matabwa sagwira bwino pa pulasitiki yosalala, ndiye m'katimo timakandamo kaye ndi msomali. Tikadula kapepala mokulirako pang'ono kamapanikizika kokha m'mbali ngakhale guluu atalekerera.

Zitsekerero zatsukidwa ndi sopo ndipo ndi zapulasitiki zokhazokha, zachitsulo zili ndi mano ocheka. Chitsekerero cha botolo ndi cha masentimita pafupifupi atatu, ndipo mwana wosakwana zaka zitatu angatsamwe nacho. Choyezera cha pakhomo ndi kachubu ka katoni ka m'kati mwa pepala la kuchimbudzi: chinthu chikadutsamo, n'choopsa kwa wamng'ono. Zitsekerero ndi mabatani zimadutsa, choncho zili ndi chitini chake chotseka, chomwe chimatsekulidwa wamkulu ali pomwepo, ndipo timaziwerenga pobweza.

6 Febuluwale: kuphatikiza, ndi nyimbo yomwe imabisa vuto

Apa ndi pomwe ntchito yachedwa kwambiri. Ana onse amadziwa m, amadziwa a, koma ukawaika pamodzi ena amati "m", n'kupuma, n'kuti "a", basi. Liwu loyamba limakhala litathawa m'mutu lachiwiri lisanafike.

Chipangizo choyamba n'chosavuta: kachidutswa ka katoni ka masentimita 25 kokhala ndi muvi woloza kumanja. Chitsekerero cha a chimakhala kumapeto kwa muvi. Mwana amagwira cha m kumanzere, amayamba kulira "mmm", amachikankha pang'onopang'ono osasiya kulira, ndipo chikagunda cha a pakamwa pamatseguka: "mmma". Chinsinsi chake ndi kusadula mpweya. Tinayamba ndi m ndi n chifukwa amatalikitsika. Pa k ndi t njirayi sigwira, poti mwana amangobwereza "k, k, k" mpaka kufika. Kwa amenewa timati akonze pakamwa mwakachetechete, ayang'ane lembo lofiira, atulutse zonse nthawi imodzi pomwe zitsekerero zagundana.

Chachiwiri ndi khadi lokoka. Katoni ya masentimita 15 ndi 8, lembo lakuda kumanzere, ndipo kumanja kwake timing'alu tiwiri togona, totalika masentimita atatu ndi theka, totalikirana masentimita anayi. M'timing'alumo mumadutsa kalamba ka katoni yopyapyala, kotambalala masentimita atatu, kokhala ndi malembo ofiira asanu. Ukakoka kalambako, pazenerapo pamaoneka lembo limodzi. Timing'alu tinang'ambika m'makona sabata yoyamba; tsopano timamata selotepi kutsogolo ndi kumbuyo tisanacheke, ndipo kumapeto kwa kalamba timamatako kachidutswa kopingasa kuti kasasololoke. Lembo lofiira liyenera kuyandikana kwambiri ndi lakuda. Mpata ukapitirira sentimita imodzi ana amawawerenga ngati awiri osiyana.

Ndiye panabwera chomwe chimanamiza akuluakulu ambiri. Pasanapite nthawi ana onse ankaimba "ma, me, mi, mo, mu" mokweza, mosalakwitsa, ndipo zinkamveka ngati atha. Titaphimba zenera ndi chala n'kukoka kalamba, nyimbo inapitirira chimodzimodzi. Sankayang'ana n'komwe. Mwana wina atasonyezedwa mo payekha anayamba kuwerenga chamumtima kuchokera pa ma, zala zikuyenda, mpaka kufika pachinayi. Ameneyo waloweza malo, sanawerenge.

Timalamba tonse ta ndondomeko ya a, e, i, o, u tachotsedwa. Khadi lililonse tsopano lili ndi timalamba titatu tosakaniza, monga u, a, o, i, e, ndipo timakoka mopita m'mwamba kapena m'munsi mosayembekezeka. Kuyankha kwa gulu lonse pamodzi tachepetsanso, chifukwa pagulu mwana mmodzi wachangu amatsogolera, enawo amangotsatira milomo yake. Aliyense amapatsidwa phatikizo lake, ena ali chete, ndipo timadikira masekondi asanu tisanathandize. Kudikirako n'kovuta kwa wamkulu kuposa kwa mwana. Liwiro linatsika kwambiri masiku otsatira, ndipo ena anakhumudwa nazo, koma mayankho ake anali ochokera pa lembo.

13 Febuluwale: gudumu

Makatoni awiri ozungulira, lalikulu la masentimita 18, laling'ono la 12, omangidwa pakati. Malembo ofiira ali m'mphepete mwa lalikulu, akuda m'mphepete mwa laling'ono, ndipo phatikizo limawerengedwa kumanja, pomwe pali muvi. Malembo tinayamba tawalemba gudumu lili chikhalire, ndipo atazungulira kufika pa muvi anali opendekeka, n wasanduka u. Lembo lililonse liyenera kulembedwa gudumu litazunguliridwa kufika pamalo owerengera. Bowo la pakati linakula chifukwa cha msomali. Mabatani awiri, lina pamwamba lina pansi, omangidwa ndi chingwe chodutsa m'mabowo ake, akugwira bwino.

Kunena zoona gudumuli silinabweze nthawi yomwe linadya. Malembo ena asanu ndi awiri amaonekera m'mbali ndipo amakoka maso, ndipo ana amakonda kulizunguza kuposa kuliwerenga. Khadi lokoka limachita ntchito yomweyo bwino. Tasiya limodzi m'bokosi, sitipanganso ena.

20 Febuluwale: madayisi

Madayisi a katoni a masentimita asanu anaphwanyika tsiku lomwelo, wina atawapondera. Kuwadzaza mapepala okwinya kunathandiza pang'ono chabe. Zidutswa za thabwa za masentimita anayi mbali zonse, zopalidwa ndi sandipepa m'makona, ndiye zakhalitsa. Pa thabwa inki imayenderera m'mitsempha yake, ndiye timapaka kaye guluu wosungunula, akauma n'kulemba. Dayisi yofiira ili ndi malembo asanu, ndipo mbali yachisanu ndi chimodzi tabwerezapo a. Yakuda ili ndi n, k, m, t, ndi m ndi n obwereza.

Madayisi akagwa sasankha mbali. Yofiira ikagwera kumanzere mwana amawerenga "am" kapena "ik". Tajambula pa katoni timabokosi tiwiri, lakuda kumanzere, lofiira kumanja, ndipo mwana amayamba waika dayisi iliyonse m'nyumba mwake.

Tinapanganso madayisi awiri a maphatikizo athunthu oti apange mawu. Ambiri otuluka alibe tanthauzo, ndipo zimenezo zili bwino: mwana amawerenga, kenako amaweruza ngati ndi mawu enieni, ndipo mawu opanda tanthauzo sangawalote. Koma musanapereke madayisi otere kwa ana, lembani papepala mawu onse 36 omwe angatuluke, kenako 36 enanso madayisi atasinthana malo. Maphatikizo osalakwa amatha kukumana n'kupanga mawu otukwana, ndipo ana a zaka 6 amawazindikira msanga kuposa ena onse. Mbali ziwiri tinazipala n'kulembapo zina.

27 Febuluwale: timabokosi ta maliwu

Iyi ndi njira ya katswiri wa ku Russia, D. B. Elkonin. Pakhadi pamajambulidwa timabokosi molingana ndi maliwu a m'mawu, ndipo mwana amakankhira batani m'kabokosi kamodzi pa liwu lililonse lomwe wamva. Palibe lembo poyamba, ndi makutu okha. Timabokosi tathu ndi ta masentimita anayi, kuti pambuyo pake zitsekerero za malembo zilowe m'malo mwa mabatani.

Ana anali atazolowera kuwomba m'manja pa maphatikizo, ndiye pa mutu ankakankha mabatani awiri n'kusiya timabokosi tiwiri topanda kanthu. Sanalakwe kumva, anangoyankha funso lina. Makadi ajambulidwanso: phatikizo lililonse lili ndi bokosi lalikulu la mzere wonenepa, ndipo m'kati mwake muli mzere wa timadontho woligawa pawiri. Mwana amawomba kaye, mu-tu, n'kuloza mabokosi aakulu awiri. Kenako amatenga mu yekha, amamutalikitsa, n'kukankha mabatani awiri. Pa mawu ngati ana, bokosi loyamba ndi la chipinda chimodzi. Makadi alipo a mitundu itatu: a mawu ngati ine, a mawu ngati moto, ndi a mawu ngati kumana.

Mbali yomweyi tawonjezera thireyi yokhala ndi mchenga wosaya, wongophimba pansi. Wamkulu amatchula phatikizo, mwana amalilemba ndi chala, amagwedeza thireyi, lafufutika. Mchenga ukachuluka lembo limadzikwirira lokha. Pansi pa thireyi tamatapo pepala lakuda kuti mzere uzioneka.

6 Malichi: timabuku

Pepala limodzi la A4 limatulutsa kabuku ka masamba 8 popanda chomangira. Lipindeni pakati katatu kuti likhale ndi zigawo 8, litambasuleni, lipindeni kamodzi pakati pa utali wake, chekani kuchokera popindapo motsatira mzere wapakati mpaka pomwe mizere yakumana, litambasuleni, lipindeni m'litali, n'kukankha mbali ziwirizo kuti pochekapo patseguke. Masamba amadzisonkhanitsa okha. Lembani manambala a masamba kabuku katapindidwa kale, chifukwa pepala likatambasulidwa theka la masambawo limakhala chadodolido.

Tsamba lililonse lili ndi chiganizo chimodzi, ndipo mulibe lembo lomwe silinaphunzitsidwe: Ana aima. Onani moto. Amama atuma ana. Atate akumeta ana. Imani, ana inu. Kulemba ziganizo zotere n'kovuta kuposa momwe zimaonekera, chifukwa mawu ngati ndi, ndipo, mwana, ali amangolowa okha. Chiganizo chilichonse timachiyesa ndi zitsekerero: ngati sichimangika ndi malembo a m'chitini, sichilowa m'kabuku.

M'timabuku toyamba chithunzi chinali pamwamba pa chiganizo. Ana ankayang'ana chithunzi n'kupeka nkhani yawo, yabwino ndithu, koma yosiyana ndi zolembedwazo. Tsopano chithunzi chaphimbidwa ndi kapepala komatidwa m'mwamba mokha. Mwana amawerenga, amanena chomwe akuganiza kuti chili pansipo, kenako amavundukula.

Malembo aakulu alowa pano, chifukwa chiganizo chimayamba nawo. Taphunzitsa okhawo opezeka m'timabukumu, A, O ndi I, pogwiritsa mapegi: lembo lalikulu lili pa pegi, mwana amalipana pa khadi la laling'ono lake. Pa I wamkulu timaika timizere m'mwamba ndi m'munsi, apo ayi adzafanana ndi l yemwe akubwera sabata yamawa.

13 Malichi: malembo atsopano ndi oyenda awiri

Tayamba kuwonjezera l, s, d, w ndi z, awiri pa sabata, ndipo lililonse likupangidwira khadi la mchenga, zitsekerero 12 ndi khadi lokoka. Lembo la b tikulisunga mpaka d atakhazikika kwa milungu ingapo. Kuwaphunzitsa pamodzi n'kumafotokoza kusiyana kwawo kumangomanga mfundo m'mutu mwa mwana. Pa makadi a mchenga d amayambira pa kabwalo, b adzayambira pamwamba pa ndodo, kuti dzanja lidziwe kusiyanako maso asanazolowere. Lembo la r libwera pambuyo pa l, ndipo polemba makadi tikutsatira kalembedwe kovomerezeka koika r pambuyo pa e ndi i, monga pereka ndi lira.

Oyenda awiri tayamba ndi kh, ndipo th ndi ph atsatira. Ali pa chitsekerero chimodzi ndi pa khadi limodzi, chifukwa ndi liwu limodzi, ndipo m'timabokosi ta maliwu amatenga chipinda chimodzi. Titawaika pa zitsekerero ziwiri ana ankafuna kutchula h payekha. Kusiyana kwa k ndi kh kumaoneka ndi kapepala kopyapyala, kotalika ngati chala, kogwiridwa patsogolo pa milomo. Pa kola sikayenda kwenikweni, pa khola kamauluka. Pepala la A4 n'lolemera pa ntchitoyi. Pepala lofewa lopukutira ndiye limaonetsa bwino. Mwana aliyense akhale ndi kake, katayidwe akamaliza. Amene akuphunziranso Chingerezi achenjezedwe msanga kuti ph wa Chichewa si f. Za ng' wa mu ng'oma ndi ng wa mu ngolo zidikira kaye, koma zitsekerero zake tazipangiratu, kachizindikiro ka pa ng' katanenepetsedwa kuti kasaoneke ngati dontho la inki.

20 Malichi: zomwe zatsala ndi zomwe zadya ndalama

Makadi a mchenga a makatoni awiri onse ali bwino, kupatula a, yemwe mchenga wake watha pamwamba chifukwa chogwiridwa kwambiri, wathiridwa wina. Makadi okoka atatu alowedwa m'malo. Zitsekerero zisanu ndi ziwiri zasowa, zambiri za a, ndiye m'chitini muzikhala zapadera. Timabuku sitikhalitsa, ndipo palibe chifukwa chotikutira: kupinda katsopano n'kosavuta kuposa kumata kakale, ndipo ana akhoza kupita nato.

Pa zogula, selotepi ndiyo yadya ndalama zambiri, chifukwa poyamba tinkakuta khadi lonse mbali zonse. N'zosafunika. Makadi amayamba kutha m'makona ndi m'mphepete, ndiye kukuta mphepete mokha kumakwanira ndipo kumachepetsa selotepi ndi theka kapena kuposa. Botolo limodzi laling'ono la guluu likadalipo. Maka yofiira inauma msanga chifukwa cholemba pa katoni yofiirira, yomwe imamwa inki komanso imazimitsa mtundu. Tsopano timalemba pa pepala loyera n'kumata. Chomwe chadya kwambiri ndi nthawi yodula, ndipo imachepa mukapanga chikombole chimodzi cha katoni cholembera mozungulira m'malo moyeza khadi lililonse ndi rula.

Bokosi la katoni lomwe tinkasungiramo linanyowa kunsi ndipo chiswe chinayamba kulilowa. Zonse zasamukira m'chidebe chapulasitiki cha chivindikiro, chomwe chili pa shelefu, osati pansi. M'kati mwake lembo lililonse lili ndi envelopu yake, ndipo pa phunziro timatulutsa malembo osapitirira asanu: limodzi latsopano, anayi akale.

Pa chivindikirocho tamatapo pepala la mizere: maina a ana m'mbali, malembo pamwamba. Kamodzi pa sabata mwana aliyense amakhala ndi wamkulu kwa mphindi ziwiri, amasonyezedwa malembo osakaniza, maphatikizo asanu ndi mawu atatu omwe sanawaonepo. Kadontho ndi koti watchula mothandizidwa, kamtanda ndi koti watchula yekha osazengereza. Pepalali lasonyeza kuti ana awiri akusinthanitsa e ndi i, zomwe pagulu sizinkamveka. Sabata ikubwerayi awiriwa abwerera pa kalilole ndi makadi okoka a timalamba ta e ndi i okha, ndi mawu monga meta ndi mina, tema ndi tina, pomwe enawo akuyamba th.